Momwe bungwe laling'ono lingakonzere pulani ya zaka zitatu

Mabungwe ambiri a m'madera mwathu, kaya osamalira ana amasiye kapena olimbikitsa ulimi wamthirira, amalemba pulani pokhapokha wopereka thandizo akaifuna, ndipo ikalembedwa imangosungidwa m'kabati osaitsegulanso. Pulani yothandiza imayamba ndi funso limodzi lomwe bodi, ogwira ntchito ndi anthu odzipereka ayenera kuyankha atakhala pamodzi: kodi ndi vuto liti, m'dera la mfumu iti, lomwe tikufuna kuti likhale litachepa pakatha zaka zitatu? Yankho lake likhale lalifupi, loti mayi wophika phala pasukulu ya mkombaphala angathe kulinena osayang'ana papepala.

Musanalembe kanthu, pitani mukamve kwa eni dera. Kumanani ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC ndi ya dera ya ADC, komanso pemphani ku khonsolo ndondomeko ya chitukuko cha boma lanu, kuti musakumbe mjigo pomwe ena akonza kale zokumba. Amayi ndi achinyamata muwamve paokha, chifukwa pamaso pa a gulupu ambiri amangovomera zomwe akuluakulu anena. Misonkhano yotereyi ichitike anthu atakolola, osati mu Januwale kapena Febuluwale pomwe ali kumunda ndi kuganyu.

Mukatero, sankhani zolinga zosapitirira zitatu, ndipo pa chilichonse lembani dzina la woyang'anira, nthawi yomalizira, ndalama zofunika ndi chomwe chidzasonyeze kuti zinthu zasintha. Kuwerenga misonkhano yomwe mwachititsa sikokwanira. Werengani atsikana omwe abwerera kusukulu ndipo akhalabe m'kalasi mpaka teremu yachitatu.

Gawo lomwe ambiri amalizemba, koma ine ndimaliona lofunika koposa, ndi kulemba ntchito zomwe bungwe silidzagwira. Ndalama zikasowa, mtima umafuna kufunsira thandizo lililonse lomwe lalengezedwa, mwakuti bungwe la maphunziro limapezeka likugawa mbuzi chaka chino, chaka chamawa likubzala mitengo, mpaka anthu a m'dera osadziwanso kuti limachita chiyani. Bodi igwirizane pasadakhale kuti thandizo losagwirizana ndi zolinga zitatu zija lidzakanidwa mwaulemu, ngakhale malipiro a mwezi umenewo ali pachiswe.

Bajeti nayo isamangidwe pa gwero limodzi. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, zomwe zinachititsa kuti ntchito zambiri ziime mwadzidzidzi. Choncho lembani bajeti ziwiri, ina ya pomwe zonse zayenda bwino, ina yosonyeza ntchito zomwe zingapitirire ndalama zitadulidwa pakati. Ganiziraninso njira yopezera kangachepe panokha, monga zopereka za mamembala kapena munda wa bungwe.

Zonsezi zimayenda ngati mtsogoleri ali ndi zizolowezi zabwino. Mwezi uliwonse akhale pansi ndi msungichuma, afananize sitetimenti ya ku banki ndi malisiti, limodzi ndi limodzi. Osainira ndalama akhale awiri kapena atatu, ndipo asakhale pachibale. Bodi ikumane miyezi itatu iliyonse, pulani ili patebulo, mlembi akulemba zomwe agwirizana ndi yemwe adzazichite. Alawansi isakhale chifukwa chobwerera kumsonkhano. Bungwe lolembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, likumbukire kuti limayenera kupereka lipoti la pachaka pamodzi ndi kaundula wa zachuma wowunikidwa ndi ma odita, choncho ndalama zolipira ma oditawo zilowe m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Woyambitsa bungwe ndiye amene zimamuvuta kwambiri kugawira ena mphamvu, pakuti anavutikira ntchitoyo kulibe aliyense. Komabe mutu umodzi susenza denga. Malamulo a bungwe anene zaka zomwe wapampando angakhale paudindo, ndipo mtsogoleri azitenga womutsatira popita kukakumana ndi opereka thandizo ndi akuluakulu a ku khonsolo, kuti nawonso amudziwe ndi kumukhulupirira nthawi yosinthana maudindo isanakwane.