Kapangidwe ka pulley (gudumu loyendetsa lamba) ya lamba wa mano wa mtundu wa HTD 5M

Musanadule chitsulo chilichonse, dziwani kuti mtunda wa mamilimita 5 wapakati pa dzino ndi dzino la lamba wa HTD 5M umayezedwa pamzere wa ulusi wolimba womwe uli m'kati mwa lambayo, osati pamwamba pa pulley. Amene amaiwala mfundo imeneyi amapanga pulley yaikulu pang'ono, ndipo mano a lamba amakwera m'mphepete mwa ngalande m'malo mokhazikikamo.

Tiyerekeze kuti mukufuna mano 24. Chulukitsani 24 ndi 5, kenako gawani 120 ndi 3.1416, ndipo mupeza dayamita (kukula kwa bwalo kudutsa pakati) ya mamilimita 38.20, yomwe ndi ya pamzere wa ulusi uja. Chotsanipo mamilimita 1.14, omwe ndi mpata wa 0.57 pakati pa ulusiwo ndi pamwamba pa pulley mbali iliyonse, kuti mupeze dayamita yakunja ya mamilimita pafupifupi 37.06. Onetsetsaninso kuti mano osachepera 6 azigwirana ndi lamba nthawi zonse, chifukwa akachepera pamenepo lamba amalumpha katundu akalemera.

Aluminiyamu wa mtundu wa 6061 ndi wabwino pantchitoyi popeza amasemeka mosavuta. Yambani ndi bowo lapakati pa lathe (makina osemera chitsulo chikuzungulira), mulisalaze ndi reamer (chida chosalazira bowo), kenako mumangirire chidutswacho pa mandrel (mtanda wachitsulo wolowa m'bowolo) ndipo museme dayamita yakunja chili pomwepo. Musachichotse pa mandrel mpaka mano onse atatha; ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona ntchito yonse, chifukwa bowo ndi mano zikasiyana pakati, lamba amalimba ndi kukhwefuka paulendo uliwonse wozungulira.

Sunthirani mandrel pa dividing head ya 40:1, chipangizo chogawira bwalo m'magawo ofanana, chomwe chogwirira chake chimazungulira ka 40 kuti chidutswacho chizungulire kamodzi. Pa mano 24, chogwirira chimazungulira kamodzi n'kuwonjezera mabowo 10 pabwalo la mabowo 15 la pambale ya chipangizocho, kuchoka pa dzino limodzi kufika pa lotsatira. Zungulizani mbali imodzi yokha, ndipo mukapitirira bowo, bwererani kumbuyo ndithu musanalifikenso, kuti kugwedera kwa magiya kusasokoneze mpata wa mano. Ball nose end mill (mpeni wosemera wa nsonga yozungulira) ya mamilimita 3, yolowa mamilimita pafupifupi 2.1, imapereka ngalande yofanana mokwanira ndi dzino lozungulira la HTD pa makina ang'onoang'ono. Dontho la palafini limaletsa aluminiyamu kumatirira pampeni.

Mukamaliza, salazani m'mphepete mwa ngalande ndi tupa yosalala, kenako kulungani lamba weniweniyo pa theka la pulley ndi kuona ngati dzino lililonse lakhazikika popanda kukakamiza. Mbale zam'mbali zoletsa lamba kutsetsereka muzipange padera, ndipo nthawi zambiri zimakwanira pa pulley imodzi yokha mwa ziwiri zomwe lamba amayendapo.