Kagalu ka pakhonde musakapatse ntchito ya kukhola

Chikolorereni chimanga, mbuzi zitatayiriridwa kuti zizidya mapesi, dandaulo lomwe ndikulimva m'makola ambiri ndi limodzi: ana a mbuzi akupezeka ndi mabala m'miyendo ndi m'makutu, ena akufa, pomwe fisi sanaponde n'komwe pakhomopo. Ukafunsitsa, wolakwa ali pabwalo pomwepo akugwedeza mchira. Ndi timagalu tating'ono tija ta mtundu wa Jack Russell, kapena tosakanizika nato, tomwe anthu akugula m'tauni kapena kulandira kwa achibale ochokera ku Joni, n'kutiika kukhola ati tizilondera ziweto.

Alimi anzanga, kagalu kameneka kali ndi ntchito yake, ndipo ntchitoyo ndi kusaka. Mtunduwu unayambira ku Devon, ku England, m'zaka za m'ma 1800, komwe m'busa wina wa tchalitchi dzina lake John Russell ankafuna galu wolowa kuuna kukatulutsa nkhandwe zakumeneko. Choncho chilichonse chaching'ono chikathamanga, magazi ake amakauza kuti kachithamangitse, kachigwire pakhosi, kachikutumule. Mwana wa mbuzi wa sabata ziwiri akamadumphadumpha, kagaluko kamaona nyama. Anapiye, akalulu oweta, mbira, zonsezi ndi nyama kwa iko. Mukhoza kukamenya mpaka ndodo kuthyoka, khalidweli silichoka.

Nanga fisi akabweradi? Kawirikawiri Jack Russell salemera kupitirira makilogalamu 8. Fisi wamkulu amapitirira makilogalamu 50. Vuto lina n'lakuti kagaluka sikadziwa kuti n'kakang'ono, kamalimbana ndi chilichonse. Ndiye usiku umodzi mumataya mbuzi ndi galu yemwe, ana n'kutsala akulira bwenzi lawo.

Ndipo musawerengere mbuzi zakufa zokha. Mbuzi ya bere ikamathamangitsidwa tsiku ndi tsiku imatha kutaya bere. Yoyamwitsa ikakhala ndi mantha sidya mokwanira, mkaka umachepa, ana amanyentchera. Bala la dzino la galu limaoneka laling'ono kunja koma mkati limatukusira, ntchentche n'kuikiramo mphutsi, inu n'kumagula mankhwala. Mwana wa mbuzi amene wafa mu Juni ndi tonde yemwe mukanamugulitsa nthawi yogula feteleza kapena yolipira fizi. Onjezerani milandu kwa amfumu kagaluko kakalowa m'nkhuku za aneba.

Bambo wina wa cha kumapiri a Dedza, komwe afisi savuta kuwapeza, anandiuza zake. Mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira ndalama kuti agule galu wolondera mbuzi. Iwo anasankha kagalu koyera ka mawanga chifukwa kanali kaukali, kouwa aliyense wodutsa. Masana kankasewera ndi zidzukulu, usiku n'kumakatsekera m'khola. Ana a mbuzi atayamba kupezeka atalumidwa, bambowo anayamba kukayikira anansi, mpaka mawu anatuluka oipa. Anadzakapeza okha m'mawa wina katagwira mwana wa mbuzi pakhosi. “Ndimaona ngati ukali ndiye ulonda,” anatero. Ambirinu mukuganiza chimodzimodzi.

Galu wolondera ziweto weniweni ndi wofatsa. Ukamuona masana ali chigonere pakati pa mbuzi ungati ndi waulesi. Ku Namibia, bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likupereka kwa alimi agalu a mtundu wa Anatolian ndi Kangal, ochokera ku Turkey, kuyambira mu 1994. Ndi agalu akuluakulu opitirira makilogalamu 40, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuima pakati pa chilombo ndi ziweto n'kuuwa ndi mawu amphamvu mpaka chilombocho chibwerere. Sathamangitsa mbuzi chifukwa anakulira pakati pa mbuzizo kuyambira ali aang'ono, amaziona ngati abale awo. Ku Botswana, a Cheetah Conservation Botswana akugwiritsa ntchito agalu wamba akumudzi, ofanana ndi athu achikudawa, ndipo akaleredwa bwino ntchito amaigwira. Apa ndiye pamandipweteka: galu woyenera tili naye kale m'mudzi, koma timamunyoza n'kukataya ndalama pa kagalu ka pampando.

Komabe ngakhale mutagula Anatolian weniweni, ndi kaleredwe kathu aka mumuwononga. Galu mmodzi yemweyo tifuna azisewera ndi ana, azilonda nyumba, azipita ndi anyamata kukasaka akalulu, madzulo azigona ndi mbuzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Galu amene wazolowera pakhonde, fisi akalira amathawira pakhonde pomwepo. Amene mwamuphunzitsa kusaka amasiya mbuzi kutchire n'kutsata gwape. Ndipo zoti galu sapatsidwa chakudya, amadzifunira yekha, tizisiye. Mukumusiya ndi njala pakati pa ana a mbuzi, mukuyembekezera chiyani? Zomuthirira tsabola m'chakudya kuti akhale waukali, kapena kumumangirira pa tcheni tsiku lonse, zimangotulutsa galu woluma anthu, osati mlonda.

Sindikuti Jack Russell ndi woipa. Ngati vuto lanu ndi makoswe m'nkhokwe kapena mukufuna wokudzutsani mlendo akafika pageti, tengani ameneyo, ndipo amakondana ndi banja kwambiri. Koma akhale kutali ndi khola ndi nkhuku.

Amene mukufuna mlonda wa mbuzi, mwachidule chitani izi. Tengani mwana wa galu wa sabata pafupifupi zisanu ndi zitatu, wochokera kwa make wamkulu thupi komanso wosagwira nkhuku. Mulowetseni m'khola tsiku lomwelo, pamodzi ndi ana a mbuzi, mutamutchingira kamalo koti mbuzi zikuluzikulu zisamugunde. Azidyera komweko, kawiri patsiku, phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa, soya wokazinga kapena zotsala za nyama, madzi osasowa. Ana asamamunyamule kupita naye kunyumba. Akafika miyezi itatu abayitseni katemera wa chiwewe, ndipo muzibwereza chaka chilichonse. Za njoka zam'mimba, nkhupakupa ndi kufula mufunse alangizi a ziweto a m'dera lanu. Akayamba kupita kudambo apite ndi m'busa, ndipo akangoyamba kusewera mothamangitsa mbuzi mudzudzuleni pomwepo. Musamudalire asanakwanitse chaka. Kufikira nthawi imeneyo, ndi pambuyo pake pomwe, mbuzi zizigona m'khola la m'mwamba lotseka bwino.