Gitala yamagetsi yopanda mutu: zofunika kudziwa musanagule ndiponso mukagula

Gitala yopanda mutu khosi lake limathera pamene mawaya ayambira. Tizitsulo tochunira, tomwe pa gitala wamba timakhala kumutu, anatisamutsira kumunsi kuseri kwa bridge (chitsulo chogwira mawaya pa thupi la gitala), ndipo kumapeto kwa khosi kumangokhala tozingira mawaya. Zimenezi zimachotsa kulemera kumwamba, motero khosi silipendekera pansi mukaikoleka pa lamba, komanso gitalayo imafupika. Strandberg Boden ya mawaya 6 kawirikawiri sifika makilogalamu 2.5, pamene Gibson Les Paul imafika 4 kapena kupitirira. Woimba amene amaima maola atatu pa siteji phewa lake limaudziwa bwino kusiyana kumeneku.

Ambiri amafunsa ngati makampani akuluakulu adzayambe kupanga magitala otere mochuluka. Ena anayamba kale. Ibanez inatulutsa mabesi a EHB mu 2020 ndi magitala a Q mu 2021, Kiesel ili ndi Vader, ndipo Gibson inagula kampani ya Ned Steinberger, wopanga magitala opanda mutu, mu 1987, ngakhale kuti magitalawo imawagulitsa m'dzina la Steinberger, osati lake. Koma Stratocaster ya Fender kapena Les Paul ya Gibson yodulidwa mutu musaiyembekezere msanga. Kwa makampani amenewa mutu ndi siginecha. Mlandu wa mu 1977 wokhudza magitala a Ibanez unali wa kaumbidwe ka mutu wa Gibson, ndipo mu 2009 Fender inakanizidwa ku America kulembetsa maumbidwe a matupi a magitala ake ngati chizindikiro chake, pamene mutu ndi wotetezedwa. Munthu sataya dala chomwe anthu amamudziwira.

Kwa wogula, zotsatira zake n'zakuti zitsulo za magitala opanda mutu zilibe muyezo umodzi. Tochunira ta Telecaster mutha kutipeza paliponse, koma kachitsulo ka bridge ya Strandberg sikalowa pa Ibanez, ndipo ka kampani ya Hipshot sikagwirizana ndi ka kampani ya ABM. Ndiye musanatulutse ndalama, yang'anani zitsulo kaye, utoto pambuyo.

Funso loyamba likhale la mawaya. Magitala a Steinberger, kuphatikizapo a Spirit, ndi a Hohner akale anapangidwira mawaya okhala ndi kampira kachitsulo kokolera mbali zonse ziwiri, osati mbali imodzi ngati mawaya wamba. N'ngosavuta kuika, koma m'mashopu ambiri sapezeka, ndipo waya akaduka Loweruka madzulo ku Mzuzu kapena ku Chipata, Lamlungu muimba ndi asanu. Pali kachitsulo kowonjezera kumapeto kwa khosi komwe kamalola mawaya wamba. Ngati palibe, kaitanitseni pamodzi ndi gitala. Strandberg, Ibanez Q ndi Kiesel amalandira mawaya wamba. Kenako potokolani kochunira kalikonse waya ali wokungika. Kazizungulira ndi zala ziwiri popanda kugwiragwira. Magitala otsika mtengo opanda dzina amagwa pamenepa: mazinga a tizitsulo amakhala ofewa, ndipo akadyeka palibe kokonza koma kusintha bridge yonse.

Kusintha mawaya ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa dzanja linazolowera gitala wamba. Kumeneko waya mumakulunga pa kachitsulo kangapo konse mungafune. Kuno waya sakulungidwa, amakokedwa molunjika, ndipo mtunda womwe kochunira kangakoke ndi waufupi kwambiri. Mukauwononga pa waya wolendewera, kochunira kafika pothera waya asanafike pa mawu ake.

Choncho sinthani waya mmodzimmodzi. Masulani kochunira mpaka waya wakale atalendewera, n'kupitiriza kumasula mpaka kachitsulo kogwira kampira kabwerere poyambira penipeni, koma kasachoke. Masulani sikuluwu yozingira kumapeto kwa khosi ndi Allen key (kiyi wa makona 6 wopindika ngati L), chotsani wayayo. Lowetsani watsopano, kampira kakhale bwino m'malo mwake ku bridge, mudutse pa saddle (potsamira waya pa bridge), pa nut (potsamira mawaya kumapeto kwa khosi) kapena zero fret (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi, ndipo iyi imakhala pomwe mawaya ayambira), mpaka m'kabowo kozingira. Kokani nsonga yake ndi pulayazi kuti waya awongoke, ndipo mukadakoka chomwecho mangani sikuluwu. Kumanga kwake n'kwa zala, mutagwira mbali yaifupi ya kiyi. Mukapitiriza, sikuluwu imadula waya woonda wa E kapena B pomwepo. Mukachepetsa, waya amapulumuka pang'onopang'ono ndipo mudzadabwa kuti mawu akungotsika ngakhale mukuchuna. Dulani chotsalira pokhapokha mutamanga. Mukadula waya wokhuthala asanazingidwe, makamaka amene kawaya kake kamkati ndi kozungulira, chokulungira chakunja chimamasuka ndipo wayayo amamveka wakufa kuyambira tsiku loyamba. Siyani mamilimita 2 kapena 3 okha, chifukwa nsonga zazitali zimalasa chala ndi kung'amba chikwama.

Mukatero chunani, kokani waya m'mwamba pang'ono cha pa fret ya 12 katatu kapena kanayi, n'kuchunanso mpaka atasiya kutsika. Ngati kochunira kafika pothera, musakakamize ndi pulayazi. Masulani zonse, kokaninso waya, mangani, yambiraninso.

Za Allen key tinenepo pang'ono: gwiritsani yomwe inabwera ndi gitala. Zitsulo za ku America zina ndi za mainchi, za ku Ulaya ndi ku Asia ndi za mamilimita, ndipo kiyi wocheperako pang'ono amakulungiza mkati mwa sikuluwu kamodzi kokha. Sikuluwu yotero kuichotsa ndi ntchito ya tsiku lonse.

Khosi limakonzedwa monga pa gitala ina iliyonse, ndipo ndi limene muyenera kuyamba nalo. Ikani capo (chopanira mawaya onse pa khosi) pa fret yoyamba, dinikizani waya wokhuthala pa fret yomaliza, muyeze mpata pakati pa waya ndi fret ya 8. Ukhale pafupifupi mamilimita 0.25. Ngati wakula, mangani truss rod, chitsulo chamkati mwa khosi chowongolera khosilo. Ngati palibe mpata, masulani. Musapitirire kotala ya kuzungulira nthawi imodzi, ndipo muchune musanayezenso. Nyengo ya mvula ikayamba kapena ikatha yezaninso, chifukwa thabwa limasuntha ndi chinyezi. Kenako kutalika kwa mawaya pa fret ya 12: mamilimita 1.5 ku waya woonda ndi 2 ku wokhuthala ndi poyambira pabwino.

Intonation, kutanthauza kulondola kwa mawu pa ma fret onse, ndiyo imafuna kuleza mtima. Yerekezani mawu a waya wosadinikiza ndi a pa fret ya 12. Ngati a pa 12 akwera, saddle ibwerere kumbuyo kuti waya atalike. Ngati atsika, isendere kukhosi. Pa mabridge ambiri a magitala opanda mutu palibe sikuluwu yaitali yoyendetsa saddle ngati ya Stratocaster. Mumamasula waya, kumasula kasikuluwu kotsekera, kukankha saddle ndi chala, kumanganso, kuchuna, n'kuyeza. Ikani kachizindikiro ka pensulo pomwe saddle inali musanaisunthe, apo ayi muzingopita uku ndi uku osadziwa kuti mwasuntha motani.

Tochunira tikayamba kulimba, vuto nthawi zambiri si chitsulo koma thukuta ndi fumbi. Dzanja lamanja limakhala pamwamba pa bridge nthawi yonse yoimba, ndiye mchere wa thukuta umalowa m'mazinga. Posintha mawaya pukutani mazingawo ndi kansalu kouma, n'kupakapo kadontho ka girisi wopepuka ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mafuta ambiri amangoitana fumbi.

Palinso phokoso la magetsi. Pa magitala amene waya aliyense ali ndi bridge yakeyake, zitsulo zonsezo ziyenera kulumikizidwa ku ground (waya wamkati wochepetsa phokoso la magetsi), ndipo ena amadalira zero fret kuti ilumikize mawaya onse. Ngati kulira kwa "mmm" kumaleka mukagwira waya wina koma osaleka mukagwira wina, tengani multimeter (mita yoyezera magetsi), muyeze kuchokera pa waya aliyense kufika pa chitsulo chakunja cha jack, polowetsa chingwe pa gitala. Amene sakuliza mita ndiye wasiyidwa, ndipo kawirikawiri utoto wa pachitsulo ndi umene watchinga. Kupala pang'ono pansi pake pomwe pakhudza waya wa ground kumathetsa vutolo. Zero fret yomweyo muziiyang'ana: ikakumbika timizere, waya amalira "ting" mukamukoka cham'mbali, ndipo imafunika kusalazidwa kapena kusinthidwa.

Tinthu tina ting'onoting'ono timadzidzimutsa eni atsopano. Tuner (kachipangizo koyezera mawu pochuna) yopanira kumutu ilibe pogwira, ndiye gulani tuner ya pedal kapena yolumikiza ndi chingwe. Zokolekera kukhoma zambiri zimagwira gitala pa mutu, ndipo iyi imangopulumuka n'kugwa. Pa sitandi ya pansi onetsetsani kuti thupi ndi lomwe latsamira, osati tochunira, chifukwa tikapindika ngakhale pang'ono sitizunguliranso bwino. Ndipo masiku oyambirira dzanja lamanzere lidzapitirira fret yoyamba kapena kugwira ya 5 likufuna ya 3, poti diso linazolowera kuyeza kuchokera kumutu. Yang'anani timadontho ta m'mbali mwa khosi mpaka dzanja lizolowere.