Mukamva chizungulire, khalani pansi kaye

Okutobala akafika kuno ku Salima, dzuwa la kunyanja silinyengerera munthu. Sabata yatha pa Kamuzu Road ndinaona mayi wina wogulitsa usipa atadzuka mofulumira kuti apereke chenji, maso n'kuchita mdima, n'kugwira nsanamira ya shedi. Chikhalireni m'mawa anali asanamwe ngakhale kapu imodzi ya madzi.

Abale anga, mutu ukapepuka chotero, khalani pansi pomwepo, kapena gonani miyendo itakwera pang'ono. Kawirikawiri vuto limakhala madzi: thukuta latuluka lambiri, ndiye mukadzuka mwadzidzidzi magazi sakufika okwanira ku ubongo. Imwani madzi pang'onopang'ono, mudyeko kanthu. Ngati mwatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizungulire chobwerabwera. Ife a kunyanja malungo ndi likodzo zimatitha magazi mwakachetechete, makamaka ana osamba ku Senga Bay ndi amayi oyembekezera. Tsitsani chikope cham'munsi muone: chikayera m'malo mofiira, pitani kuchipatala akayeze magazi, BP ndi shuga. Omwe mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga, auzeni adokotala, koma musasiye mankhwalawo panokha.

Chizungulire chikabwera ndi kupweteka pachifuwa, pakamwa kupotoka, lilime kulemera, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, kapena munthu kukomoka, pezani galimoto yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.