Batire la galimoto yatsopano likumatha moto usiku? Yezani musanagule lina

Galimoto ikayamba kukana kulira m'mawa, ambiri amathamangira kukagula batire lina, koma pakangopita masiku latsopanolo nalo limauma. Vuto limakhala pa chimodzi mwa zinthu zitatu: batire lafooka, alitaneta (chipangizo chochaja batire injini ikamalira) sikulidzaza, kapena pali chipangizo chimene chikukoka moto galimoto itazimitsidwa. Kuti mudziwe chomwe chalakwika, mukufunika multimeter (mita yoyezera magetsi), sipanala ya 10 mm, sikuludilaiva ndi tepi.

Yambani ndi batire lenilenilo. Galimoto igone usiku wonse osailiza. M'mawa ikani multimeter pa DC 20V, waya wofiira pa (+), wakuda pa (−). Mukawerenga 12.6V, batire ndi lodzaza. 12.2V ndi pafupifupi theka, ndipo pansi pa 12V lauma. Likamaima pa 10.5V ngakhale mutalichaja, selo imodzi mwa 6 za m'kati mwa batire yafa, apo palibe chokonza. Kenako wina alize injini inu mukuyang'ana mita: nambala isatsike pansi pa 9.6V. Gwedezaninso mitu ya batire ndi dzanja. Ikamasuntha imangeni, ndipo ufa woyera kapena wobiriwira wa pamenepo utsukeni ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira.

Kwathu kuno "yatsopano" nthawi zambiri ndi galimoto yochokera ku Japan, yomwe yakhala milungu m'sitima ndi padoko la Dar es Salaam kapena Beira. Batire likakhala nthawi yaitali lopanda moto, mbale zake zam'kati zimamatidwa ndi sulphate, ndipo silisunganso moto wokwanira ngakhale likuoneka labwino kunja. Galimoto yozimitsa injini yokha mukaima pa maloboti imafuna batire lapadera la mtundu wa EFB kapena AGM. Mukaika lawamba limatha msanga.

Chachiwiri ndi alitaneta. Injini ikulira, pa batire pawerengeke pakati pa 13.8V ndi 14.7V, ndipo pasagwe kwambiri mukayatsa nyali ndi fani. Magalimoto ena amakono amatsitsa dala mphamvuyi kufika pa 13V kapena pansi pang'ono pofuna kusunga mafuta, choncho musaweruze ndi kuyeza kamodzi. Toyota Aqua ndi Prius zilibe alitaneta. Batire lawo la 12V limachajidwa pokhapokha galimoto ili pa READY, ndiye kumvera wailesi galimoto ili pa ACC (poyatsa wailesi yokha, injini isanalire) kumaliumitsa.

Zonsezi zikakhala bwino, funafunani chokoka moto usiku. Apa mpofunika kudekha.

Zimitsani zonse, tsekani zitseko, ndipo loko ya boneti ikankheni ndi sikuludilaiva kuti kompyuta iziona ngati boneti yatsekedwa. Makiyi a limoti akhale kutali, chifukwa akakhala pafupi galimoto imangowamva ndipo sigona. Sunthani waya wofiira wa multimeter kupita pabowo la 10A, ndipo mitayo muiike pa DC 10A. Masulani mutu wa (−), gunditsani waya wina wa mita pa chitsulo cha (−) cha batire, winayo pa mutuwo, kenako kwezani mutuwo mita itagwira kale. Mukatero moto sudukiza. Izi nzofunika chifukwa mawailesi ena a ku Japan akazimidwa moto amafuna kodi kapena khadi ya SD asanayakenso. Mita ili pamenepo musalize injini kapena kuyatsa nyali zazikulu, fyuzi yake ipsa.

Poyamba muona moto wambiri. Dikirani mphindi 30 mpaka ola kuti makompyuta agone. Akagona, moto wotuluka usapitirire 50 mA (0.05A pa mita) kapena pafupi ndi pamenepo. Mukaona 0.5A, werengani nokha: ndi 12Ah pa tsiku, ndipo batire la 45Ah limafika theka m'masiku awiri.

Njira yakale yozula mafyuzi imodzimodzi imasokoneza pa galimoto yamakono, chifukwa mukabwezera fyuzi kompyuta imadzuka ndipo mumayambiranso kudikira. Njira yabwino ndi kubwezera mutu wa batire, kudikira kuti galimoto igonenso, kuika mita pa mV (waya wofiira ubwerere pabowo la V), n'kugunditsa mawaya ake pa timitu tiwiri tachitsulo tomwe timaoneka pamwamba pa fyuzi iliyonse. Ya 0.0 mV sikudutsa moto. Yomwe ikuonetsa nambala ndiyo muilondole pa chithunzi cha pachivundikiro cha bokosi la mafyuzi.

Kawirikawiri zopezeka ndi zimene zinaikidwa galimoto itagulidwa kale: tracker, alamu, wailesi ya Android, ampulifaya, kapena kamera yolumikizidwa pa waya wokhala ndi moto nthawi zonse m'malo mwa wa ACC. Zoterezi nthawi zina sizidutsa n'komwe m'bokosi la mafyuzi, ndiye yang'anani timawaya tachilendo pamutu wa (+). Kababu ka m'buti kosazima nako kamavutitsa. Siyani foni ikujambula kanema m'butimo, tsekani, mudzaona.

Mafyuzi onse akakhala pa ziro koma moto ukutulukabe, kayikirani dayodi ya mu alitaneta (kachipangizo koletsa moto kubwerera m'mbuyo). Chotsani kaye mutu wa (−), masulani waya wokhuthala wa kumbuyo kwa alitaneta, ukulungeni ndi tepi, yezaninso ndi mita pa 10A. Nambala ikagwa, vuto ndi alitaneta.

Ngati galimoto ili pa walanti, musadule waya uliwonse. Jambulani zomwe mita yaonetsa, lembani nthawi yomwe munadikira, mupite nazo kwa amene anakugulitsani ndipo muwapemphe ayeze moto wotuluka galimoto itagona, asanasinthe batire.