Momwe mtsikana wosewera mpira angabwezeretsere mphamvu masewero akatha

Scorchers, timu ya mpira wamiyendo ya amayi ya dziko la Malawi, itatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kummwera kwa Africa mu 2023 ku South Africa, itagonjetsa Zambia 2-1 mu ndime yomaliza, ambiri tinkangokamba za zigoli 9 za Temwa Chawinga. Zomwe sitikamba n'zakuti m'mipikisano yotere timu imabwerera m'bwalo pakangodutsa masiku awiri kapena atatu, pomwe thupi limatha kufuna maola 72 kuti libwerere m'chimake. Wosewera wapamwamba amathamanga makilomita pafupifupi 10 pa masewero amodzi. Kwa atsikana athu a m'matimu am'madera, omwe alibe madokotala owatsatira, nazi zoyenera kuchita.

1. Wenzulo ikalira, musangoti khuu pansi

Yendani pang'onopang'ono kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako vulani jezi yonyowayo muvale chouma.

2. Bwezerani madzi

Ngati timu ili ndi sikelo, kwerani musanasewere ndi mukamaliza. Pa kilogalamu iliyonse yomwe yatsika, imwani madzi lita imodzi ndi theka, pang'onopang'ono m'maola angapo, osati kugugudiza nthawi imodzi. Ngati sikelo palibe, yang'anani mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi akadali operewera. M'nyengo ya dzuwa la Okutobala, makamaka ku Chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, thukuta limachotsanso mchere wambiri, choncho ORS, madzi a mchere ndi shuga aja, amathandiza kuposa madzi okha.

3. Idyani ola lisanathe

Apa ndi pomwe matimu ambiri amalakwitsa. Osewera amakwera minibasi ndi chakumwa cha shuga chimodzi m'manja, nsima n'kukaiona usiku. Minofu imabwezeretsa mphamvu zake msanga m'maola oyambirira, ndiye nyamuliranitu kunyumba nthochi ziwiri zikuluzikulu, mbatata yophika ndi botolo la thobwa. Onjezani chomanga thupi: chambiko kapena mazira owiritsa atatu. Mukafika, idyani nsima kapena mpunga mokhuta, ndiwo zake usipa, nyemba kapena nyama, osaiwala masamba. Ino si nthawi yoopa kunenepa.

4. Gonani, ndipo akunyumba akumvetseni

Tulo ta maola 8 kapena kuposerapo timaposa mankhwala aliwonse ogula. Foni ikhale patali. Koma kunena zoona, mnyamata akasewera amakafikira pamphasa, pomwe mtsikana amapeza ndowa ikumudikira, mbale zili mbwee. Amayi ndi abambo, tsiku la masewero ndi m'mawa mwake mugawireko ena ntchito yotunga madzi ndi kusinja. Mwanayo wagwira kale ntchito yolemetsa.

5. Tsiku lotsatira, pepukitsani

Kuyenda, kupalasa njinga mosathamanga kapena kudziwongola kwa mphindi 20 n'kokwanira. Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba kumafika pachimake tsiku loyamba kapena lachiwiri, choncho musadabwe. Kuviika miyendo m'madzi ozizira kwa mphindi 10 kumachepetsako ululu. Aphunzitsi omwe amalanga timu yogonja poithamangitsa m'mawa mwake akungoitana kuvulala.

6. Tsatirani msambo wanu

Lembani m'kope kapena pafoni tsiku lomwe mwayamba, lomwe mwamaliza, ndi momwe thupi limamvera pa zokonzekera. Anthu amasiyana, ena samva kanthu, ena miyendo imalemera, ndipo pakatha miyezi ingapo mudzadziwa masiku omwe inuyo mumafunika kupuma kwambiri.

Mwezi uliwonse thupi limataya ayironi, yemwe amathandiza kupanga magazi, pamodzi ndi magazi a msambo. Kutopa kosatha ngakhale mwagona, chizungulire, befu pothamanga pang'ono chabe ndi kuyera kwa m'zikope zingasonyeze kuchepa kwa magazi. Kayezetseni kuchipatala m'malo mongogula mapiritsi. Pa chakudya, chiwindi, usipa, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, makamaka mukatsirapo lalanje, gwafa kapena malambe. Tiyi musamwere pa chakudya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi, dikirani padutse ola.

Msambo ukasiya kwa miyezi itatu pomwe simuli oyembekezera, chimenecho si chizindikiro choti mwakhwima pa masewero. Kawirikawiri zimatanthauza kuti chakudya chikuchepera ntchito yomwe thupi likugwira, ndipo mafupa amayamba kufooka. Pitani kuchipatala. Popeza aphunzitsi ambiri ndi abambo ndipo atsikana amachita nawo manyazi, timu iliyonse ikhale ndi mayi wamkulu woti azimuuza zoterezi.

7. Dziwani pomwe sikulinso kutopa

Mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL umaduka kawirikawiri kwa osewera aakazi kusiyana ndi aamuna, nthawi zambiri potembenuka mwadzidzidzi kapena potera mukadumpha, popanda wokugundani. Mukamva kuti thwa m'bondo, likatupa m'maola ochepa kapena likamagwedera poponda, musathowe n'kubwerera m'bwalo, komanso musabise ululu ndi mapiritsi kuti musataye malo mu timu. Mukagundana mitu n'kumamva litsipa, nseru kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, tulukani, ndipo tsikulo musasewerenso. Kuphwanya thupi kukabwera ndi kutentha ndi kuzizidwa, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.