Momwe mungapezere caterer wodalirika pa phwando la ukwati wanu

Maluwa a pa tebulo anthu amaiwala msanga, koma chakudya chikachedwa kapena kutha ena asanadye, nkhani yake imakambidwa zaka ndi zaka. Kwa ine caterer wabwino ndi amene angathe kudyetsa anthu anu onse pa nthawi yake chakudya chili chotentha, zokometsera zinazo zimabwera pambuyo. Nde tiyeni tione poyambira.

1. Yambani ndi chiwerengero cha anthu, menyu pambuyo

Ma caterer ambiri amatchaja pa mbale, nde funso lawo loyamba likhala lakuti anthu ndi angati. Khalani pansi awirinu mulembe mayina a mbali zonse ziwiri, kenako muonjezere anthu aja amaiwalika nthawi zonse, ojambula zithunzi ndi vidiyo, DJ, MC, madalaivala, okongoletsa holo. Amenewa amakhala pa ntchito tsiku lonse ndipo nawonso amamva njala, mukapanda kuwawerengera adzadya mbale za alendo anu. Ana awerengeni padera chifukwa ma caterer ena amawatchaja motsikirapo.

2. Funsani eni malo musanalonjeze aliyense

Malo ena salola chakudya chochokera kunja, ena amalola koma mulipire kaye kenakake. Funsaninso ngati pali khitchini, madzi, magetsi ndi filiji, kuti caterer adziwiretu ngati adzaphikira pompo kapena adzabwera nacho chophikaphika.

3. Fufuzani osachepera atatu

Zithunzi za pa Facebook ndi Instagram zisakutengeni mtima, chithunzi sichikuuzani kuti chakudya chinafika nthawi yanji. Pemphani caterer akupatseni manambala a mabanja awiri kapena atatu amene anawaphikira posachedwapa, muwaimbire, muwafunse mosabisa: anafika pa nthawi yake? Chakudya chinakwana mpaka munthu womaliza pa mzere? Operekera anali aulemu? Panabwera ndalama zina zodzidzimutsa phwando litatha? Mfunseninso mwini wakeyo kuti gulu lalikulu kwambiri limene anaphikirapo linali la anthu angati, chifukwa kuphikira anthu 50 ndi kuphikira anthu 300 ndi ntchito ziwiri zosiyana kwambiri, munthu atha kukhala katswiri pa mphika waung'ono koma n'kusokonekera miphika ikachuluka. Ndipo ngati tsiku lanulo ali ndi ukwati winanso, akuuzeni amene adzakhale kwanu ndi ndani.

4. Kotesheni ikhale yolembedwa, chinthu chilichonse pachokha

Apa mpamene anthu ambiri amapwetekera. Wina amaoneka wotchipa chifukwa mtengo wake ndi wa chakudya chokha, mbale, masupuni, matambula, nsalu za pa tebulo, thiransipoti, operekera ndi kutsuka pomaliza zonsezo n'zapadera. Winayo amaoneka wodula koma zonse zili momwemo. Muone ngati zakumwa, madzi ndi ayisi zilimo, ngati msonkho auwerengera kale, komanso amene adzadule ndi kugawa keke. Sankhaninso kagawidwe kake. Bufe, yoti aliyense apite yekha kukatenga, imafuna operekera ochepa koma mzere umatalika ndipo oyamba amadzaza mbale mosaganizira anzawo, nde ngati anthu ndi ambiri pemphani malo ogawira awiri kapena kuposa ndipo nyama azigawa ndi operekera. Kuperekera pa tebulo kumaoneka bwino koma kumafuna antchito ambiri, mtengo umakwera.

5. Kalaweni

Pitani awirinu ndi munthu mmodzi amene saopa kunena chilungamo. Mulawe zomwezo zimene zidzakhale pa menyu yanu, muone kukula kwa mbale imodzi ndipo muijambule pa foni. Mukapeza mpata suzumirani kumene amaphikira, khitchini ikakhala yauve musapitirize n'komwe.

6. Kambiranani za thanzi la alendo

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pa mtunda kupitirira maola 2, chotentha chisungidwe pamwamba pa 60°C ndipo chozizira pansi pa 5°C. Mapulogalamu a ukwati amachedwa kawirikawiri, zolankhula zimatalika, nde mfunseni caterer kuti adzasunga bwanji chakudya chikhale chotentha ngati mwachedwa ndi ola limodzi kapena awiri, ali nazo ziwiya zake zotenthetsera? Afunseni ngati ali ndi chilolezo cha azaumoyo. Muwauzenso za alendo amene thupi lawo limadana ndi mtedza, mazira, mkaka kapena nsomba, odwala shuga, ndi amene sadya nyama zina chifukwa cha chipembedzo. Izi musazitenge mopepuka, kwa ena ka mtedza kochepa chabe n'kokwanira kuwagoneka m'chipatala.

7. Kontrakiti kaye, dipoziti pambuyo

Musatumize ndalama chifukwa choti mwagwirizana pa foni. Pa pepala palembedwe tsiku, malo, nthawi yofika, nthawi yogawa chakudya, menyu yonse, chiwerengero cha mbale ndi cha operekera, mtengo wa mbale iliyonse yoonjezera, tsiku lomaliza kusintha chiwerengero, komanso chimene chidzachitike ukwati ukasunthidwa kapena caterer akalephera kubwera. Musalipire zonse nthawi imodzi, siyani gawo lina lodzapereka ntchito ikatheka, ndipo ndalama iliyonse mukapereka tengani lisiti. Zimene mwasintha pa WhatsApp zisungeni, musafufute.

8. Sabata yomaliza

Tsimikizani chiwerengero chomaliza ndipo mutumize pulogalamu ya tsikulo. Sankhani munthu mmodzi wodalirika woti caterer azilankhula naye, inu pa tsikulo foni simudzagwira, ndipo akachuluka olamula ku khitchini zinthu zimasokonekera. Munthu ameneyu akhale ndi kope la kontrakiti, awerenge mbale zikamafika, aonetsetse kuti okalamba ndi ana alandira msanga komanso kuti mbale za inu awiri aziika padera, poti akwati nthawi zambiri amatanganidwa ndi alendo mpaka osadya. Zotsala mugwirizane kale kuti adzatenga ndani, mubweretse makontena oyera, ndipo zikangopakidwa zilowe mu filiji usiku womwewo.